Za Galimoto ya Makilachi Awiri

Inu makolo ndi abale athu a m'midzi, zaka zino tili kuona mabanja amene, atasunga ndalama za fodya kapena za soya nyengo zingapo, kapena atalandira thandizo la mwana wao wa ku Joni, alingalira zogula galimoto. Zambiri mwa galimotozi ndi zakale zochokera ku Japan, zimene zitsika pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa kwathu pa Songwe. Wogulitsa amangonena kuti iyi ndi ya otomatiki, iyo ndi ya manyuwo, ndipo wogula ayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Komatu za otomatiki zili za mitundu ingapo, ndipo mtundu umodzi, wa makilachi awiri, uyenera kudziwika bwino munthu asanamasule mpango wa ndalama.

Kilachi ndi mbale imene ilumikiza injini ndi bokosi la magiya. Pa galimoto ya manyuwo ilipo imodzi yokha. Woyendetsa aiponda ndi phazi lamanzere, nasintha giya ndi dzanja. Tsono pa mtundu umene tili kunenawu zilipo ziwiri: ina igwira magiya 1, 3 ndi 5, inzake igwira 2, 4 ndi 6. Galimoto ikamayenda pa giya 3, giya 4 ili chikonzekere kale, ndipo kachipangizo ka kompyuta kamasula kilachi iyi ndi kugwira iyo msanga kuposa kuphethira kwa diso. Chopondapo cha kilachi palibe.

Nzeru imeneyi anaiganiza ndi Mfalansa, Adolphe Kégresse, nkhondo yaikulu yachiwiri isanayambe. A Porsche anaiyesa pa galimoto za mpikisano m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2003 a Volkswagen anaiika pa Golf R32 yogulitsa kwa anthu, naitcha DSG.

Pano ndipo tifuna mutchere khutu. Makilachi ena amakhala omira mu oyilo amene awaziziritsa, ena amakhala ouma. Oumawo ndiwo anadandaulitsa anthu ambiri. A Volkswagen anatulutsa bokosi la magiya 7 la makilachi ouma mu 2008, ndipo mu 2013 anaitanitsa galimoto pafupifupi 1.6 miliyoni kuti akasinthe oyilo wa m'kati, pakuti anali kuwononga za magetsi, makamaka m'maiko otentha ndi achinyontho. A Ford anaika lao, lotchedwa PowerShift, pa Fiesta ndi Focus. Galimoto zinayamba kunjenjemera ponyamuka, ndipo mu 2018 bwalo la milandu ku Australia linawalipiritsa madola a kumeneko 10 miliyoni chifukwa cha mmene anachitira ndi madandaulo a ogula. Ndipo pafupi ndi ife, Honda Fit Hybrid imene inayamba kutuluka mu 2013, pamodzi ndi mbale wake Vezel Hybrid, zili ndi makilachi awiri ouma. Ku Japan komweko Fit imeneyi inaitanidwa kangapo m'chaka chake choyamba kuti akakonze malangizo a kompyuta yake.

Nanga pa misewu yathu zikhala bwanji? Kilachi youma imatentha pamene yagwira mwatheka, ndiko kuti pamene galimoto ili kukwawa pang'onopang'ono: m'matope a mwezi wa February, mumchenga wa kudambo, pa chitunda italemedwa ndi matumba a chimanga, kapena pambuyo pa ngolo m'njira yopapatiza. Uwu ndiwo ulendo wa masiku onse kumudzi. Ikatenthetsa, nyali yochenjeza iyaka ndipo galimoto ikana kukoka kufikira itazizira. Zikachitika kawirikawiri, mbale zitha msanga.

Sitinena kuti ya manyuwo siwonongeka, iai. Tiwadziwa oyendetsa amene atsamiritsa phazi pa kilachi ulendo wonse, ndipo mbale yao sikhalitsa. Koma ikatha, makaniko wa pa msika aitsitsa m'mawa pansi pa mtengo wa mango, madzulo mwabwerera nayo kwanu. Batire ikafooka, anyamata anayi aikankha, nilira. Ya makilachi awiri siilira ndi kukankha. Makilachi ake atsopano afuna zida zapadera, ndiponso makina a kompyuta oti aiphunzitse kugwira bwino, ndipo zimenezi muzipeza ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu. Muwerengeretu tsono mtengo woikokera kumeneko, ndi masabata oyembekeza chitsulo chochokera kunja, mwina pa nthawi imene mayi wapakati afunika kupita kuchipatala usiku.

Ubwino wake tisaubise. Isintha magiya mosadukiza, simwa mafuta ambiri, ndipo bambo wa bondo lopweteka ayendetsa osavutika. Ya makilachi omira mu oyilo imapirira ndithu, mwini akasintha oyilo wake wapadera pamodzi ndi sefa pa makilomita 60,000 alionse. Banja la m'tauni, loyenda pa tala, likhoza kukhala nayo zaka zambiri mokondwa. Koma kwa inu amene msewu wa tala uli kutali, ife tiona kuti ya manyuwo ndiyo iyenera.

Ngati mwaikonda ndithu ya makilachi awiri, funsani poyamba ngati ali ouma kapena omira, ndipo mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Muiyendetse kufikira itatentha, muime pa chitunda, kenaka munyamuke pang'onopang'ono. Ikanjenjemera kapena kuzengereza, isiyeni. Ndipo amene muli nayo kale, poima pa chitunda pondani buleki kolimba, musaigwirize ndi mafuta, pakuti pamenepo ndi pamene mbale zili kupsa.