Makina osindikiza makoma ndi zipangizo angafupikitse ulendo wa katundu

Mu June 2021, ana ena m'boma la Salima, loyandikana nafe, anayamba kuphunzira m'kalasi lomwe makoma ake alibe njerwa ngakhale imodzi. Kampani ya 14Trees inawasindikiza ndi makina a 3D printing m'maola 18 okha.

Amene anaonapo amayi akuumba mbiya savutika kumvetsa. Mmisiri amajambula chinthucho pa kompyuta, kenako makina amatulutsa simenti kapena pulasitiki yosungunuka pakakamwa kakang'ono, n'kumasanjikiza mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthucho chitaima. Kalipentala amadula ndi kupala, zotsala n'kukhala utuchi. Makinawa amangoika pomwe pakufunika.

Liwirolo n'lodabwitsa, koma nkhani yaikulu ili pa ulendo wa katundu. Taganizani za mjigo wa Afridev. Muli tizipangizo tapulasitiki tomwe timatha msanga. Katundu wochokera kutsidya kwa nyanja amatsikira pa madoko ngati Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kubwera ku Lilongwe, kenako m'sitolo pa Mponela, ndiye afike kumudzi. Paliponse mtengo umakwera, ndipo ndalama zakunja zikasowa m'dziko, katunduyo amaima. Nthawi yonseyi amayi akutunga madzi kudambo chifukwa cha kanthu kokwana m'thumba la malaya.

Makina otere atakhala pa Mponela kapena pa boma la Ntchisi, choyenda ulendo wautali chingakhale chojambula chokha, chodzera pa intaneti. Wasitolo sangafunikenso kuunjika katundu wodikira ogula.

Komabe tisathamange. Makina a ku Salima anachokera ku Denmark, ndipo pulasitiki yosindikizira imagulidwanso kunja. Pamafunika magetsi osazimazima, pomwe kumapiri kuno midzi yambiri ilibe n'komwe. Denga, zitseko ndi mawindo a kalasi lija anaika ndi amisiri, ndi manja. Katundu wofunika wambirimbiri, monga mabigiri kapena misomali, fakitale idzapitiriza kupanga motchipa. Makinawa amapambana pa chinthu chimodzi chosowa, chomwe palibe angaitanitse kontena yonse.

Kwa ophunzira, ntchito yake imayambira pa kuyeza. Kachipangizo kakalakwika ndi milimita imodzi, sikalowa mu mjigo.