Kusankha makina othirira sosi m'mabotolo

Aliyense amene wadutsa pa Lizulu kapena pa Tsangano nyengo imene matimati achuluka amadziwa m'mene mitengo imagwera, ndi m'mene madengu ena amaolera m'mbali mwa msewu wa M1 posowa wogula. N'chifukwa chake magulu ena a alimi m'boma lathu lino la Ntcheu akulingalira zopanga sosi wa matimati ndi wa tsabola wa kambuzi, kuti zokolola zisungike ndi kugulitsidwa pamtengo wabwino.

Kuphika sosi kumatheka mumphika waukulu, koma ntchito imakula pofika pothira m'mabotolo. Kuthira ndi kapu kumachedwetsa, kumatayitsa, ndipo mabotolo sadzaza mofanana. Botolo la mamililita 250 likamapitirira ndi mamililita 10 okha, pamabotolo 1,000 alionse gulu limataya sosi wokwana mabotolo 40. Likamaperewera, wogula waberedwa ndipo gulu lalakwira lamulo. Makina othirira amathetsa vutoli, koma pokhapokha ngati asankhidwa molingana ndi sosi amene gulu likupanga.

Yambani ndi sosi wanu

Funso loyamba ndi lakuti sosi wanu ndi wamadzimadzi kapena wolimba ngati phala, ndiponso ngati ali ndi njere kapena tizidutswa ta anyezi ndi adyo. Pali makina amene zamadzi zimatsika zokha kuchokera m'thanki yokhala pamwamba. Amenewa ndi otsika mtengo ndipo amayenera viniga kapena juwisi, koma sosi wolimba amatsika mochedwa kapena kutsekeka kumene.

Sosi wolimba amafuna makina a pisitoni. Makinawa amagwira ntchito ngati jakisoni wakuchipatala: pisitoni ikabwerera m'mbuyo imakoka muyeso wokhazikika wa sosi, ndipo ikapita kutsogolo imakankhira muyesowo m'botolo. Muyeso umasinthidwa pochepetsa kapena kuonjezera kutalika kwa ulendo wa pisitoniyo. Pogula, onetsetsani kuti valavu ndi kampopi kothirira n'zazikulu kuposa tizidutswa ta mu sosi wanu, komanso kuti kampopiko kakulowa pakamwa pa botolo lanu ndipo sikadontha pakati pa botolo ndi linzake.

Kutentha, mchere ndi viniga

Sosi wa m'botolo amasungika chifukwa cha zinthu ziwiri, kuwawasa ndi kutentha. Kuwawasa kumayezedwa pa sikelo ya pH, ndipo sosi ayenera kukhala pansi pa 4.6 kuti tizilombo toopsa totchedwa Clostridium botulinum tisamere m'botolo lotseka. Matimati okhwima kwambiri amayandikira malire amenewa, n'chifukwa chake opanga sosi amaonjezera viniga. Kenaka sosi amathiridwa ali wotentha, pa madigiri 85 kapena kupitirira, botolo n'kutsekedwa nthawi yomweyo.

Izi zikutanthauza kuti mbali zonse za makina zokhudza sosi ziyenera kupirira kutentha, mchere ndi viniga. Chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 304 n'chofala m'makina a zakudya, koma cha nambala 316 chimapirira mchere ndi asidi koposa. Aluminiyamu, mkuwa ndi malata zimadyeka, n'kuononga mtundu ndi kakomedwe ka sosi. Funsaninso ngati mphira zotsekera pisitoni zinapangidwira zakudya zotentha. Mabotolo nawo afunika kuganiziridwa, pakuti apulasitiki wamba, ofanana ndi a madzi akumwa, amakwinyika akathiridwa sosi wotentha chotere. Ofunika ndi agalasi kapena apulasitiki opangidwira kutentha.

Kukula kwa makina ndi magetsi

Makina a pisitoni alipo amitundu itatu: okoka ndi dzanja, oponda ndi phazi amene amayendera mpweya wa kompuresa, ndi odziyendera okha amene amathira mabotolo angapo nthawi imodzi pa lamba. Musanasankhe, werengani. Gulu lophika malita 200 patsiku limadzaza mabotolo 800 a mamililita 250. Makina othira mabotolo 10 pamphindi amamaliza ntchito imeneyi m'mphindi 80. Kugula makina othira mabotolo zikwizikwi paola ndi kumanga ndalama m'chitsulo chimene chizingokhala, pamene gulu likusowa yogulira mabotolo, zivindikiro ndi shuga. Kumbukiraninso kuti liwiro lothira likapambana liwiro lotseka, sosi amazizira mabotolo ali yasa.

Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a mavoti 230, pamene makina aakulu ambiri amafuna magetsi a mizere itatu, amene kuwakokera pamalo kumadya ndalama ndi nthawi. Makina ena ochokera kunja anapangidwira mavoti 110 ndipo amapsa akalumikizidwa kuno popanda chosinthira. Poti magetsi amazima, gulu limene lagula makina a kompuresa lichita bwino kusunganso okoka ndi dzanja, kuti mphika wa sosi wopsa kale usaonongeke podikira.

Kutsuka ndi kukonza

Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makina onyezimira kunja angathe kukhala ndi ngodya zam'kati zimene sosi amatsalira n'kuyamba kusasa, ndipo sosi wamawa amatengera zimenezo. Pemphani wogulitsa amasule makina inu mukuona, ndipo onani ngati munthu mmodzi angathe kuwamasula, kuwatsuka ndi kuwamanganso tsiku lililonse popanda zida zapadera. Mphira zimatha msanga, choncho gulani zina zosungira tsiku lomwelo, ndipo dziwani amene adzakonze makinawo ndi kumene zipangizo zake zimapezeka. Kamphira kamodzi kosowa kangaimitse ntchito nyengo yonse ya matimati.

Musanapereke ndalama

Tengani sosi wanu ndi mabotolo anu kuti makina akayesedwe pamaso panu, sosiyo ali wotentha monga mudzathirire, pakuti sosi wotentha ndi wozizira sayenda mofanana. Dzazani mabotolo 20 n'kuwayeza pa sikelo limodzilimodzi. Pamtengo wa makina onjezerani wa kompuresa, chotsekera mabotolo, mayendedwe, msonkho wa ku MRA ngati akuchokera kunja, ndi wophunzitsa owagwiritsa ntchito. Zonse zimene mwagwirizana zilembedwe.

Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayendera malo opangira zakudya, kuyeza sosi ndi kutsimikiza kuti muyeso wolembedwa pa botolo ndi woona, ndipo masitolo aakulu amafuna chiphaso chake asanalandire katundu. Ndi bwino kufunsa bungweli musanagule makina. Magulu amene ali ndi maganizo otere afike ku ofesi ya zamalonda ndi ya zaumoyo ku khonsolo, atatenga chiwerengero cha malita amene amaphika patsiku ndi botolo limene akufuna kugwiritsa ntchito.