Kodi mumadziwa? Malilime ali mitundumitundu

Kukakhala mapemphero ochezera ku Matawale, ku Zomba, Lachisanu usiku, simusowa wokuuzani: kiyibodi ili mkati, chimkuzamawu chili pawindo, kenaka mpingo wonse wayamba mawu amene ngakhale mphunzitsi wa ziyankhulo ku Chanco sangawalembe. Odutsa mumsewu amangoti ayamba malilime, basi. Koma kodi mumadziwa kuti eni akewo amasiyanitsa mitundu yosachepera 4?

Mtundu woyamba ndi chiyankhulo chenicheni cha anthu, chimene woyankhulayo sanachiphunzirepo. Ndi umene uli m'buku la Machitidwe a Atumwi mutu 2, pamene alendo a ku Yerusalemu ankamva ophunzira a Yesu aliyense m'chiyankhulo chakwawo. Zili ngati mayi wogulitsa tomato pamsika wa Matawale, wongodziwa Chiyao ndi Chichewa, atangoyamba Chitumbuka chenicheni cha ku Rumphi!

Kodi mumadziwa kuti Africa inalipo tsiku limenelo? Pamndandanda wa mayiko ndi mitundu ya anthu imene Luka, wolemba bukuli, anatchula pali Egypt ndi Libya. Mukawerenga bwinobwino, mayina onse akukwana 15.

Ena ataona zimenezi anaseka, amvekere anthuwa akhuta vinyo. Petro anawayankha ndi nthawi, kuti kudakali m'mawa, cha m'ma 9 koloko. Okhulupirira anali pafupifupi 120, koma tsiku lomwelo anawonjezeka ndi anthu pafupifupi 3,000.

Nanga mukuganiza kuti m'buku lonselo malilime akutchulidwa kangati? Ku Yerusalemu, kunyumba kwa Korneliyo ku Kaisareya, ndi ku Efeso kwa amuna pafupifupi 12. M'buku la mitu 28, ndi malo 3 okha!

Mtundu wachiwiri ndi uthenga wopita kumpingo: mmodzi ayankhula mokweza, onse akhala chete, wina amasulira. Paulo anaikapo malamulo mu 1 Akorinto 14, kuti azisinthana mmodzimmodzi, ndipo womasulira akasowa, mwini malilime asayankhule pagulu. Pamsonkhano umodzi analola anthu 2, akachulukitsa 3.

Paulo yemweyo ananena yekha kuti amayankhula malilime kuposa Akorinto onse. Komabe pagulu anasankha mawu 5 omveka m'malo mwa mawu 10,000 a m'malilime. Mwawerengera? Liwu limodzi lomveka likulemera ngati mawu 2,000!

Mtundu wachitatu ndi wa pemphero la munthu payekha, ndipo sufuna womasulira chifukwa wouzidwayo ndi Mulungu. Awa ndi malilime a munthu amene wagwada kuchipinda mbandakucha, kapena amene wakwera phiri la Zomba ndi Baibulo ndi botolo la madzi kukasala kudya. Amene amapemphera motere amadalira mawu a Paulo m'mitu 3 yotsatizana ya kalata yomwe ija ya 1 Akorinto: 12, 13 ndi 14.

Mtundu wachinayi ndi kuimba. Palibe buku la nyimbo, palibe woyambitsa, aliyense akuimba mawu akeake koma mang'ombe akugwirizana. Pachitsitsimutso cha ku Azusa Street ku Los Angeles ankati imeneyi ndi kwaya yakumwamba, ndipo chinali chaka cha 1906.

Kodi mumadziwa kuti wotsogolera ku Azusa, William Seymour, anali mwana wa anthu amene anakhalapo akapolo? Ali ku Houston ankamvera maphunziro a Baibulo atakhala kunja kwa kalasi, chifukwa malamulo a tsankho sankalola wakuda kukhala pamodzi ndi azungu. Munthu wokanizidwa mpandoyo anatsogolera chitsitsimutso chimene chinayaka zaka 3.

Palinso amene ankati amalemba m'malilime! Pa 1 Januwale 1901, kusukulu ya Baibulo ya Charles Parham ku Topeka, Agnes Ozman anayankhula mawu amene anzake ankati ndi chiyankhulo cha ku China, ndipo zimene ankalemba papepala ankati ndi zilembo zakomweko. Anzakewo ankasimba kuti Chingerezi chinamuthawa masiku 3.

Parham ankaphunzitsa kuti amishonale safunikanso kuvutika ndi sukulu ya ziyankhulo. Alfred Garr anakhulupirira, n'kupita ku Calcutta ali ndi chitsimikizo choti amayankhula Chibengali. Atalalikira kumeneko mu 1907, amene anamva Chibengali chakecho anali 0.

Mumayesa malilime ndi a Chipentekoste okha? Mu 1831 anamveka mu tchalitchi cha Chipresibeteriya ku London, cha mbusa wa ku Scotland Edward Irving, ndipo chaka chotsatira anamutsekera zitseko za tchalitchicho. Apatu n'kuti ku Topeka kusanachitike kanthu, kutatsala zaka 70.

Akatolika nawo sanatsale. Gulu la Karizimatiki, limene lero lili m'maparishi ambiri m'Malawi muno, linayamba ndi ophunzira ndi aphunzitsi a Duquesne University ku Pittsburgh. Chinali chibindikiro cha kumapeto kwa sabata imodzi yokha, mu Febuluwale 1967.

Nanga akatswiri a ziyankhulo amati bwanji? William Samarin wa ku University of Toronto anajambula malilime ambirimbiri, ndipo anapeza kuti munthu amatola timawu ta m'chiyankhulo chimene amachidziwa kale n'kutilumikiza mwatsopano. Mchewa amamveka Chichewachewa, mzungu amamveka Chizunguzungu, ndipo buku la Samarin linatuluka kalekale mu 1972.

Madokotala nawo anasuzumira m'mutu. Mu 2006 Andrew Newberg wa ku University of Pennsylvania anajambula ubongo wa anthu akuyankhula malilime, n'kuona kuti mbali yakutsogolo, imene imawongolera zochita za munthu, inkachepetsa ntchito kusiyana ndi pamene ankaimba nyimbo wamba zauzimu. Koma musathamange nazo, chifukwa anayeza amayi 5 okha.

Kuno kwathu moto umenewu unabwera ndi amatchona. Amalawi amene ankagwira ntchito kummwera anakumana ndi mipingo ngati Apostolic Faith Mission, umene unayamba ku Johannesburg mu 1908, ndipo anabwera nacho chiphunzitsocho m'zaka za m'ma 1930. Mbiri ya mpingowu m'Malawi inalembedwa ndi Ulf Strohbehn ndipo inasindikizidwa ndi a Kachere konkuno ku Zomba, mu 2005.

Nanga zinafika pati? Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 7.6 pa 100 alionse anali a Chipentekoste, kutanthauza anthu oposa 1.3 miliyoni. Mutawasonkhanitsa pamodzi angadzaze mizinda 12 yofanana ndi Zomba!

Mpingo wa Assemblies of God umaphunzitsa kuti malilime ndi chizindikiro choyamba chooneka cha ubatizo wa Mzimu Woyera. Kodi mumadziwa kuti mpingo womwewu unatulutsa mtsogoleri wa dziko? Lazarus Chakwera asanalowe ndale anautsogolera m'Malawi muno kuyambira 1989 mpaka 2013, zaka 24.

Nayi yomaliza, gwirani mpando. Mu 2006 bungwe la Pew linafunsa a Chipentekoste m'mayiko 10, kuphatikizapo Kenya, Nigeria ndi South Africa, ngati amayankhula malilime. M'mayiko 6 mwa amenewo, anthu osachepera 4 pa 10 alionse anayankha kuti sayankhula malilime n'komwe!