Kabokosi kolembamo nambala kangaulule zinsinsi za odwala

Mukaperekeza m'bale wanu ku Queens kukatenga ma ARV, mudzaona kalaki akudina pa sikirini n'kumata kapepala ka barcode m'buku lake la kuchipatala. Makompyuta otere anayamba ndi a Baobab Health ku Kamuzu Central mu 2001. Amasunga dzina la wodwala, mankhwala ake ndi tsiku lobweranso.

Zinthu ngati izi zimakhala mu database, yomwe imamva chinenero cha SQL. Munthu akalemba 45 m'kabokosi, pulogalamu imatumiza lamulo lakuti: "Ndipatse wodwala nambala 45." Koma kathyali atalemba 45 OR 1=1, lamulo lija limasanduka: "Ndipatse nambala 45, kapena aliyense ngati 1 ali wofanana ndi 1." Paja zimenezo n'zoona nthawi zonse! Basi, pulogalamu yolembedwa mosasamala imakhuthula mayina onse. Chinyengo chimenechi ndiye SQL injection.

Zinachitikapo. Mu 2015 akuba anatenga mwanjira imeneyi zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 a kampani ya TalkTalk ku Britain, ndipo kampaniyo inalipitsidwa £400,000. Ena mwa omangidwa anali anyamata a msinkhu wanu.

Tangoganizani mndandanda wa omwa ma ARV ku Ndirande kapena Bangwe ukuzungulira pa WhatsApp. Ena angasiye mankhwala poopa kusalidwa.

Chitetezo chilipo: prepared statements. Apa chilichonse cholembedwa m'kabokosi chimatengedwa ngati mawu wamba, osati lamulo. Inu a Computer Studies, zolowerani zimenezi msanga. Ndipo osayesera pa kompyuta ya eni ake: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati ndi mlandu.