Chilonda chili m'kamwa, koma dokotala akufunsa za chiwindi

Wodwala akatumizidwa kuchokera ku Salima kapena Nkhotakota ndi chilonda cha pa lilime chomwe chakana kupola, amatsikira pa depoti ya ku Old Town mu Lilongwe n'kulowera ku Kamuzu Central Hospital. Kumeneko n'komwe kuli chipatala chachikulu cha khansa, National Cancer Centre, chomwe chinatsegulidwa mwalamulo mu 2025. Ambiri amadabwa kuti vuto lili m'kamwa koma madokotala akutenga magazi oyeza chiwindi, mwinanso kujambula m'mimba. Sikutaya nthawi ayi. Mphamvu ya chiwindi imathandiza kudziwa chithandizo chomwe thupi lingapirire.

Chiwindi ndicho chimasefa mankhwala ambiri omwe timalandira, kuphatikizapo ena a khansa. Ndichonso chimapanga zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akachekedwa, komanso mapuloteni ofunika kuti bala lipole. Tsono chikalimba ndi zipsera, opaleshoni yochotsa chotupa imakhala yoopsa: magazi amatuluka ambiri, bala limachedwa kupola, matenda ena amalowererapo. Nawo mankhwala amakhalitsa m'thupi, mwakuti dokotala amakakamizika kuchepetsa mlingo kapena kuimitsa kumene. Ku Taiwan, komwe khansa ya m'kamwa ndi yofala, madokotala anapeza kuti odwala omwe chiwindi chawo chinaonongeka kale amakumana ndi zovuta zambiri akachitidwa opaleshoni, ndipo mwayi wawo wokhala ndi moyo umachepa.

Mwina wina anena kuti, "Ine mowa sindilawa, chiwindi changa chingaonongeke bwanji?" N'zoona, kachasu amaononga chiwindi ndiponso amawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'kamwa. Koma ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi adani ena atatu.

Woyamba ndi likodzo la m'matumbo. Mazira a tizilombo take amakakodwa m'chiwindi n'kumachilimbitsa pang'onopang'ono, mpaka munthu kutupa mimba kapena kusanza magazi. Mu 2017 akatswiri anapeza nkhono zofalitsa likodzoli m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo mu 2018 matendawa anapezeka mwa ana a sukulu kumeneko. Msodzi wokoka khoka, mayi wotsuka mbale pa doko, mlimi wa mpunga m'dambo, onsewa amaponda madzi tsiku ndi tsiku. Mankhwala ake ndi praziquantel; akamagawidwa m'mudzi, akuluakulunso imwani.

Wachiwiri ndi hepatitis B, kachilombo kotupitsa chiwindi komwe kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kalikonse. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chisanafike chakacho sanabaidwe. Mankhwala a khansa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo kachilombo kogonako kamatha kudzuka mwaukali. Kakadziwika msanga, pali mankhwala monga tenofovir oteteza chiwindi pa nthawi ya chithandizo.

Wachitatu ali m'nkhokwe mwathu: chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Poizoni wake satha ndi kuphika. Mtedza wofwifwa kapena wowawa umene timaupatula pogulitsa, tisausinje nsinjiro za pakhomo.

Nanga khansa ya m'kamwayo? Fodya ndiye gwero lalikulu, kaya wa chingambwe amene asodzi amasuta usiku pa nyanja, kaya woika kunkhama. Chilonda cha pa lilime, m'tsaya kapena pa mlomo chikatha masabata 3 osapola, kapena mukaona chigamba choyera kapena chofiira, kapena chotupa m'khosi, pitani kuchipatala. Musadikire kuti chiyambe kupweteka, pakuti poyamba nthawi zambiri sichipweteka. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mukamapita ku Lilongwe tengani kalata yotumizira, kabuku ka kuchipatala, ndi m'bale wokudikirirani. Muuzeni dokotala zonse: ngati munadwalapo likodzo, ngati maso anachitapo chikasu, ndi mankhwala azitsamba omwe mukumwa, poti ena amalemetsa chiwindi. Chithandizo chikagwera m'mwezi wa Ramadhan, kambiranani ndi dokotala komanso a shehe. Wodwala ndi wololedwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira, Insha Allah.