Kabokosi Kodyetsa Kompyuta

Makolo ambiri amadzimana zinthu zofunika kuti agulire mwana kompyuta yomuthandiza pa maphunziro. Pogula timafunsa za mtengo, za liwiro ndi za kukula kwa galasi, koma ndi ochepa pakati pathu amene amafunsa za kabokosi kachitsulo kokhala kumbuyo, pamene pamalowa chingwe cha magetsi. Amisiri amakatcha power supply. Tsono tiyeni tikaone bwino, pakuti kameneka kakalakwitsa, ndalama zonse zija zimapsera limodzi.

Magetsi a m'nyumba zathu muno m'Malawi ndi a mavolti 230, ndipo amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Ziwalo za m'kati mwa kompyuta sizingapirire ukali wotere. Izo zimafuna magetsi ofatsa, oyenda njira imodzi. Malinga ndi muyeso wa ATX, umene kampani ya Intel inatulutsa m'chaka cha 1995, mawaya achikasu amanyamula mavolti 12, ofiira 5, ndipo a mtundu wa lalanje 3.3. Muyesowo sulola kupatuka kopitirira magawo 5 pa 100, kotero kuti waya wachikasu ayenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6.

Nanga kabokosika kamakwanitsa bwanji? Poyamba kamawongola magetsi aja ndi kuwasunga mu tinkhokwe totchedwa capacitor, mmene amaposa mavolti 300. Kuchokera pamenepo, timaswichi ta transistor timatsegula ndi kutseka kopitirira ka 20,000 pa sekondi, kupereka magetsiwo pang'onopang'ono kwa thiransifoma yaing'ono imene imawatsitsa. Mlimi wa dimba amene amathirira ndi ngalande adzamvetsa msanga: nthaka ikauma amatsegulira madzi nthawi yaitali, ikakhuta amatseka msanga. Momwemonso, kumapeto kuli mlonda woyesa mavolti otuluka. Kompyuta ikagwira ntchito yolemetsa, mavolti nayamba kutsika, mlondayo amatumiza uthenga kuti timaswichi tizikhalitsa totsegula. Chimene chimatikondweretsa ife ndi chakuti uthengawo umawoloka ndi kuwala, kudzera mu kachipangizo kotchedwa optocoupler, kuti pasakhale waya wolumikiza mbali yaukali ndi mbali imene manja a mwana angakhudze.

Palinso mwambo wina wabwino. Tikayatsa, kompyuta siyamba ntchito pomwepo ayi. Imadikira chilolezo chodzera pa waya wotuwa, chimene chimafika patapita nthawi yosapitirira theka la sekondi mavolti onse atakhazikika. Magetsi akaphethira, tinkhokwe tija timagwirizira kwa magawo ngati 16 mwa 1,000 a sekondi. Ndi nthawi yochepa ndithu, koma ndiyo chifukwa chake nthawi zina babu limaphethira kompyuta osazima.

Zovuta zikafika, achitetezo ali angapo. Pakhomo pali fyuzi, ndiponso m'mabokosi abwino muli varistor yomeza magetsi okwera modzidzimutsa. M'kati muli woyang'anira amene amazimitsa zonse akaona kuti mavolti akwera mopitirira, katundu wachuluka, mawaya akhudzana ndi kuchita shoti, kapena kutentha kwanyanya chifukwa fumbi latseka fani. Choncho kompyuta ikamangozima yokha, nthawi zina kabokosika sikanapenge. Kakukana kupereka magetsi kwa chiwalo chodwala. Kuumiriza kuyatsa kambirimbiri, kapena kumanga waya m'malo mwa fyuzi yopsa monga ena amachitira ndi wayilesi, ndi kumanga manja mlonda mbala ili pakhomo. Tinenenso kuti mabokosi ena otsika mtengo kwambiri amaoneka ofanana ndi anzawo kunja, koma opanga anasiyako ena mwa achitetezowa. Ndipo palibe varistor imene ingalimbane ndi mphezi yogwa pafupi. Mvula ya mabingu ikayamba, kuzula pulagi ndiko kothandiza.

Mawu awiri kwa inu achinyamata okonda kumasula zinthu, khalidwe limene ife sitilitsutsa konse. Makompyuta ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Ochokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 120, amatha kufika kali pa 115. Mukalumikiza otero ku soketi ya kuno, mudzamva kuphulika ndi kuona utsi. Yang'anani kaswichiko musanayatse koyamba.

Chachiwiri ndi cholemera koposa. Tinkhokwe tija timatha kusunga mavolti mazana angapo ngakhale pulagi itazulidwa kale, ndipo mphamvu imeneyo ikhoza kupha munthu. Bokosi lalikulu la kompyuta mungathe kulitsegula mutazula pulagi, ndi kupukutamo fumbi. Koma kabokosi ka magetsi kakafa, masulani zomangira zinayi za kumbuyo, zulani mawaya ake, ndi kukatengera chotseka kwa mmisiri kapena kugula kena.