Khomo Lathu Limati Chiyani? Phunziro Lochokera ku Dedza

Mudzi uli ndi malamulo ake, sukulu ili ndi ake, mpingo nawo uli ndi ake. Nanga khomo lathu? Ambirife tili ndi maganizo pa nkhani za mowa, zibwenzi, maphunziro ndi ukwati, koma timawasunga mumtima. Ana amadzawamva tsiku limene madzi afika kale m'khosi, ndipo amawamva tikukalipa.

Boma la Dedza latiphunzitsa zimene zimachitika munthu akanena poyera pamene waima.

Mfumu imene inakana

Mayi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi kwa zaka 27 pa sukulu ya zaubusa ku Zomba asanaitanidwe kwawo mu 2003 kukalowa ufumu. Atafika ku Mtakataka anapeza atsikana a zaka 12 ali pabanja, ena ali ndi ana kumsana. Inkosi Kachindamoto sanangodandaula chamumtima. Anasonkhanitsa mafumu 50 a pansi pawo kuti asainirane pangano lothetsa maukwati a ana. Mafumu anayi amene anapitiriza kuwalola anawachotsa pampando, ndipo anawabwezera maukwatiwo atatha. Analetsanso mwambo wa kusasa fumbi. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati a ana oposa 850.

Dziko linatsata njira yomweyo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 inakonza malamulo oyendetsera dziko kuti chilolezo cha makolo chisakhalenso khomo lozembera.

Ndi nkhani ya thanzi

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'Malawi anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Thupi la mtsikana wamng'ono limakhala lisanakhwime. Chiuno chikakhala chopapatiza, mwana amatsakamira pobadwa, ndipo kubereka kukatenga masiku njira ya mkodzo imatha kubooka. Amenewa ndiwo matenda a fistula, amene amayi amakalandirira chithandizo ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe. Mwana wa mayi wamng'ono nayenso amabadwa kawirikawiri masiku asanakwane kapena wosalemera bwino.

Komatu mfumu ndi lamulo zimafika nkhani itaphulika kale. Kuvomera kumayambira m'nyumba: mbatatesi zikapanda kugulidwa bwino ku Bembeke kapena pa Chimbiya, fizi ikasowa, kenaka kubwere mnyamata wochokera ku Joni atanyamula foni ndi zovala. Banja limene silinakambiranepo kale limagonja msanga pa tsiku lotero.

Tiyambire pati?

Choyamba, bambo ndi mayi tigwirizane tokha mfundo zochepa zimene sitidzasintha ngakhale kutagwa njala. Mwachitsanzo, pakhomo pano palibe wolowa m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo mtsikana ndi mnyamata onse adzapita kusukulu.

Chachiwiri, tiziwauza anawo tili pamtendere, powotha moto m'miyezi yozizira ya June ndi July kapena tikatha mapemphero a madzulo. Tifotokoze chifukwa chake, ndipo tiwalole kufunsa ngakhale mafunso otichititsa manyazi.

Chachitatu, tidziwitse amalume, azakhali ndi agogo. Kwathu kuno mwinimbumba ali ndi mawu aakulu pa ukwati wa mwana, choncho amve maganizo athu wofunsira asanafike.

Chachinayi, kulimba pa mfundo kusasanduke nkhanza. Mwana akatenga pathupi, tipite naye kusikelo msanga, ndipo akabereka abwerere kusukulu monga ndondomeko ya boma imalolera. Tikamva za mwana amene akukakamizidwa ukwati, tiuze mfumu, apolisi kapena tiimbe pa 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Anansi ena adzati tikudzimva, monga ena anaopsezera Inkosi Kachindamoto. Koma mwana amene wamva makolo ake akunena momveka kuti sadzamupereka, amapeza mphamvu zokanira ngakhale ife kulibe. Madzulo ano nsima ikatha, tisafulumire kubalalika.